Kalata ya M'lamba wa Chikwama

Aliyense amene anafikapo pachilumba chija ndi chikwama chong'ambika amawadziwa Nasingano. Amakhala kunsi kwa masitepe a loji ya alendo, pakati pa chipinda chochapira ndi mulu wa makireti a mabotolo, pakampando kamene mwendo wake umodzi anauchirikiza ndi njerwa. Makina osokera alibe. Zida zawo ndi singano zitatu zazikulu, lumo, kachidutswa ka kandulo kopakira ulusi, ndi mpukutu wa ulusi wa asodzi umene amaunyika okha mu utoto wofiira. Dzina lawo lenileni ngakhale mwini loji salidziwa, ndipo sanafunsepo.

Alendo amene amabwera kumeneko anthu amawatcha afulu, chifukwa amayenda atabereka nyumba kumsana. Amatsika m'boti la m'mawa thukuta lili kamukamu, nkunena kuti abwera masiku atatu, koma amatha masabata atatu. Masana amagona pamchenga ngati nsomba zoyanika. Dzuwa likapendeka masipika amayamba kugunda kugombe, iwo nkudzipaka utoto wowala kumaso, nkumamwera mowa m'tizidebe toseweretsa ana. Kukacha, gombe limaoneka ngati padutsa nkhondo: mabotolo, magalasi othyoka, nsapato za mwendo umodzi, ndi fulu mmodzi kapena awiri amene anzawo anawaiwala.

Wochotsa zonsezi ndi mchimwene wawo wa Nasingano, mkulu wamtali wosweka mapazi amene anyamata a maboti anamupatsa dzina loti Bwana Mchenga. Zaka makumi awiri akukankha wilibala pagombe lomwelo. Chiyankhulo cha afulu anachiphunzira kwa anthu oledzera, choncho amadziwa kutukwana, kupepesa ndi kufunsa munthu kumene wagona, zina zonse amangolumikiza.

Afulu amabwera kwa Nasingano chifukwa cha mbiri imodzi: msoko wawo sumasuka. Amapaka ulusi kandulo, nkusoka kupita ndi kubwerera, mitanda yaing'onoing'ono ngati minga ya nsomba. Nsalu ikhoza kutha, zipi ikhoza kuthyoka mano onse, koma pamene padutsa ulusi wofiira pamakhala pomwepo. Mbiri imeneyi ndi chuma chokha chimene ali nacho.

Anali ndi china. Anali ndi mwana mmodzi, mtsikana, amene ankamutcha Kanjiwa chifukwa kuyambira ali wamng'ono ankayenda akugwedeza mutu ngati njiwa yotola mbewu. Bambo ake anapita ndi nyanja iye asanamere mano. Kanjiwa anakulira kunsi kwa masitepe omwewo, akuwerenga timbendera tosokedwa pa zikwama za afulu, nkumafunsa kuti dziko ili liti, nanga ili. Atasiya sukulu analowa ntchito kubala ya mowa ya kugombe, yopaka alendo utoto kumaso. Tsiku lililonse ankapaka nkhope za anthu amene mawa lake ankakwera boti. Mtima wa mwana unayamba kukwera nawo.

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anabwera tsiku lina masana atanyamula chikwama chobiriwira chimene mlendo wina anachisiya.

"Amayi, mawa ndikupita. Anzanga andipezera ntchito kuloji ina kutsidya. Kuchoka pamenepo ndiona."

"Uona chiyani?"

"Chilichonse chimene si mchenga uwu."

Nkhani inakula. Amayi ochapa anasiya kuchapa, afulu anasuzumira pamasitepe. Nasingano, pamaso pa anthu onsewo, anaimirira nkuloza mwana wawo ndi singano.

"Ukaponda m'botimo, ine ndilibe mwana. Wandimva? Usadzabwere kuno kudzandinunkhitsa dziko."

Kanjiwa sanalire. Anangoti, "Ndamva," nkuika chikwama pansi. Lamba wa kumanzere anali atazuka pamwamba, pamene amalumikizana ndi chikwama, ndipo pansi pake panali chibowo. Sanapemphe kuti amusokere. Anangochisiya pamapazi a mayi ake nkupita kukatsanzika anzake.

Mawu akatuluka sabwerera mkamwa. Nasingano ankadziwa kuti anenetsa, koma kupepesa mwana amene wamutukwana pagulu kunawakanika. Pakamwa pawo sipanazolowere. Manja ndi amene anazolowera. Tsono anang'amba pepala m'kope lakale la Kanjiwa, nkulemba ndi zilembo zawo zopendekeka za munthu amene sukulu analekezera m'kalasi lachitatu. Analipinda kangapo, kulikulunga m'kapulasitiki, nkulilowetsa m'kati mwa siponji ya lamba uja. Nzeru yawo inali yakuti lamba wa kumanzere ndi amene amayamba kutha pa chikwama chilichonse, chifukwa munthu amanyamulira kumeneko. Ikatha miyezi isanu ndi umodzi, mwina chaka, msoko udzamasuka, Kanjiwa adzapeza kalatayo mkwiyo utazizira, adzaiwerenga ali yekha, ndipo palibe adzachite manyazi. Chibowo cha pansi anachitseka ndi chigamba cha diresi yakale ya mwanayo, ya maluwa achikasu.

Chimene sanaganizire ndi chakuti lambayo anamusoka ndi iwo.

Mawa lake Kanjiwa ananyamula chikwamacho nkunyamuka, koma Nasingano sanapite kudoko. Anamva hutala ya boti ali pampando wawo. Madzulo anatenga kiyi wachiwiri wa chipinda chawo nkumuika pansi pa chigoba chachikulu cha nkhono chimene chili pakhomo, pamene ankamusiyira Kanjiwa akamapita kusukulu.

Foni sanaimbe. Bwana Mchenga ankawakakamiza tsiku ndi tsiku.

"Chemwali, imbani. Kodi foni iluma?"

"Ayambe ndi iye. Mwana ndi ndani, ine kapena iye?"

Mumtima ankati kalata ikugwira ntchito, ingofunika nthawi. Itatha miyezi itatu anagonja, nkupempha mchimwene wawo kuti aimbe. Nambala inali itasiya kugwira. Kuloji ya kutsidya anati mtsikanayo anakhala milungu isanu nkupitirira ndi gulu lina. Kuti? Afulu sanena kumene akupita, chifukwa nawonso sadziwa.

Zinatha zaka zisanu ndi chimodzi. Chaka choyamba Nasingano ankati lamba sanathe. Chachiwiri ankati watha, mwana wawerenga, akusonkhanitsa za ulendo. Chachinayi anayamba kuganiza kuti wawerenga koma sanakhululuke, ndipo zimenezi, ngakhale zinkawawa, ankatha kugona nazo. Bola akudziwa. Bola kwinakwake kuli munthu amene akudziwa kuti kiyi ali pansi pa chigoba.

Tsiku limene zinasintha linali Lachiwiri, cha m'ma teni koloko, phwando lalikulu litachitika dzulo lake. Kunsi kwa masitepe kunafika mnyamata wandevu zambiri, wopanda malaya, utoto wobiriwira udakali m'khutu. Amayi ochapa anali atamupatsa kale dzina loti Chindevu. Anaponya chikwama pamapazi a Nasingano nkuloza zipi imene inali itasiya njanji.

Nasingano anaona ulusi wofiira pa lamba wa kumanzere. Sizinawadabwitse, zikwama zimene anasoka zimabwerera nthawi zina. Anachitembenuza kuti aone zipi bwinobwino. Pansi pake panali chigamba. Maluwa anali atayera ndi dzuwa, koma anali maluwa omwewo.

Singano inagwa m'manja.

"Itanani achimwene," anauza mayi wina wochapa. "Thamangani. Auzeni asiye wilibala."

Bwana Mchenga anafika akupuma mofulumira, akununkha mowa wa anthu ena. Ataona chigamba anavula chipewa.

"Mfunseni," anatero Nasingano. "Wachitenga kuti?"

Bwana Mchenga anafunsa ndi pakamwa, ndi manja, ndi nsidze. Chindevu anakanda ndevu, nkutseka diso limodzi chifukwa cha kuwala, nkuyankha pang'ono.

"Akuti anam'patsa mnzake."

"Mnzake wamkazi? Wamfupi? Woyenda chonchi?" Nasingano anagwedeza mutu monga ankachitira Kanjiwa.

Chindevu anaseka, akuganiza kuti gogoyu akuvina. Anayankhanso.

"Akuti wamwamuna. Akuti... akuti koma mwini wake woyamba anali bwino ndithu, wonenepa, ali pantchito yabwino, amavala nsapato zachikopa."

"Achimwene."

"Ee?"

"Munthuyu wayankhula mawu atatu. Inu mwayankhula makumi awiri. Enawo mwawatola pagombe?"

Bwana Mchenga anayang'ana pansi. Kenako anafunsanso bwinobwino, pang'onopang'ono, ndipo ulendo uno ananena zimene anamva. Mnzake wa Chindevu nayenso sanagule chikwamacho. Anachipeza pashelefu ya zinthu zosiyidwa, m'loji ina. Maloji onse a afulu ali ndi shelefu yotere, pamene munthu amasiya zimene zamulemera, wina nkutola. Chikwamacho chinali chopanda kanthu m'kati. Zinachitika zaka zitatu kapena zinayi zapitazo.

"Loji yake iti? Tauni yanji?"

Chindevu anaganiza mpaka chipumi chinachita makwinya. Anatulutsa foni, nkukumbukira kuti iyi ndi yatsopano, yakale inamira m'nyanja sabata yatha. Anati mnzakeyo ankanena za tauni yozizira, ya mabasi ambiri. Kapena inali ya sitima zambiri. Dzina la mnzakeyo ankangolidziwa theka.

"Akupepesa," anatero Bwana Mchenga. "Akuti mutu ukumupweteka. Akufunsa ngati zipi ikonzeke lero, chifukwa mawa akukwera boti."

"Muuzeni abwere mawa m'mawa."

Atachoka mnyamatayo, Nasingano anachiika chikwama pamiyendo ngati mwana wodwala. Anachinunkhiza. Chinkanunkha sopo wachilendo, fodya ndi masokosi a anthu osawadziwa. Anapapasa lamba wa kumanzere. Nsalu yake inali itapyapyala, siponji itaphwa, koma ulusi wofiira unali gwa, mtanda uliwonse pamalo pake, ngati ausoka dzulo. Anafinya. Pansi pa chala china chake chinalira pang'ono, kulira kwa pulasitiki.

Kumasula msoko umenewo kunawatengera ola lathunthu. Lumo linkaterereka pa ulusi. Kawiri konse anadzicheka. Kugombe anyamata anali akuyesa kale masipika a phwando la tsikulo, kuyatsa ndi kuzimitsa, ndipo mabotolo m'makireti ankanjenjemera.

Kalata inatuluka youma, yopindidwa mmene anaipindira. Palibe chala chimene chinaikhudzapo.

*Kanjiwa mwana wanga. Zija ndanena ndi mkwiyo chabe. Ndine mayi ako kufikira kumanda. Ukatopa bwera, usaope. Kiyi ali pamalo pake. Uzivala juzi, chifuwa chako uchidziwa.*

Bwana Mchenga anaiwerenga ataima kumbuyo kwawo, milomo ikuyenda. Atamaliza anakhala pakireti.

"Ndiye kuti nthawi yonseyi..."

"Nthawi yonseyi akudziwa mawu amodzi okha. Aja ndinanena ndi singano m'manja."

"Chemwali, nanunso. Munthu kulemba kalata nkuitsekera m'ndende? Bwenzi mutangoiika m'thumba la pambali ngati anthu ena onse."

"Akanaipeza m'boti, mtima udakali moto. Akanaiponya m'madzi."

"Bola nsomba zikanawerenga."

Anaseka pang'ono awiriwo, kuseka kopanda mano. Bwana Mchenga anati aisunge kalatayo m'nyumba, basi, zatha. Nasingano anapukusa mutu.

"Si yanga iyi. Ili ndi mwini wake."

Anali ataganiza kale. Afulu amayenda ngati nyerere, njira imodzimodzi, loji zomwezomwezo. Ngati chikwama chinatha kuzungulira dziko nkubwerera kunsi kwa masitepe awa, chikhoza kubwereranso kumene chinachokera. Chofunika nchakuti ulendo uno msoko umasuke. Wina adzapeza kalata, adzafunsa anzake, adzaijambula ndi foni monga amajambulira chilichonse, ndipo mwina idzafika pamaso oyenera. Anapempha mtsikana wa pakauntala ya loji kuti awalembere pakapepala kena, m'chiyankhulo cha afulu, dzina lenileni la Kanjiwa, nambala ya loji, ndi mawu akuti mayi ake akumufuna. Anakulunga mapepala awiriwo pamodzi nkuwabwezera m'siponji.

Kenako anachita chimene sanachitepo chibadwire. Anapempha kwa amayi ochapa ulusi wa thonje wosokera mabatani, wakale, woti ukaukoka umaduka. Sanaupake kandulo. Anayamba kusoka motalikitsa, ulendo umodzi wokha.

Manja anakana. Akangoyang'ana kumbali, ankapeza zala zabwerera zokha, zikupanga minga ya nsomba. Anamasula, nkuyambanso. Katatu konse. Pomaliza anasoka atagwira singano ndi dzanja lamanzere, ndipo msoko unatuluka wokhotakhota ngati wa mwana wophunzira. Anauyang'ana, nkuchita manyazi. Pamwamba anadutsitsa ulusi wofiira pang'ono, wongokongoletsa, kuti mwini chikwama asazindikire.

"Ukhala mwezi," anauza mchimwene wawo. "Ukalimba, iwiri. Akhala atafika kutali."

Chindevu anabwera m'mawa, anayesa zipi kangapo, anasangalala, anajambula Nasingano ndi foni popanda kupempha. Kenako anakwera kuchipinda nkuyamba kulongedza. Nasingano anazolowera kuona zikwama zili zopanda kanthu. Sanaone zimene mnyamatayo anaikamo: zovala zonyowa, nsapato za m'mapiri, ng'oma yaing'ono, mabotolo awiri, ndi thumba la zigoba zimene anatola kugombe. Anatsika masitepe atachikolowekera paphewa lamanja, nkuwabayibitsa.

Hutala ya boti inalira. Nasingano anatseka maso, nkunena mumtima, pita bwino.

Dzuwa lili paliwombo anamva kulira kwa gudumu la wilibala. Bwana Mchenga sabwera kuloji nthawi imeneyo. Anaima patsogolo pawo. Pamwamba pa mabotolo ndi tizidebe tosweka panali chikwama chobiriwira, lamba wa kumanzere akulendewera.

"Sichinafike ndi m'boti momwe," anatero. "Mnyamata uja amati achikweze kumsana pathabwa lokwerera, lamba nkuti phwa. Ng'oma m'madzi. Watukwana mawu ena amene ngakhale ine sindinawamvepo. Wathamangira kusitolo ya padoko, wagula chatsopano, wakhuthulira katundu, ichi waponya m'mgolo wa zinyalala."

Nasingano anatambasula dzanja. Kangodya ka pulasitiki kankasuzumira m'siponji, poyera, pamene aliyense akanakaona akanakhala kuti sakuthamangira boti. Anakasolola nkukaika m'thumba la epuloni.

"Anthu anaona?"

"Doko lonse. Anyamata a maboti akuti Nasingano wakalamba, maso apita. Wina wafuula kuti afulu azipita kwa telala wa kumsika." Anakanda kumutu. "Ndinati ndiwauze zoona. Koma ndikanayambira pati?"

"Asiyeni."

"Tikhoza kuyesa chikwama china. Amabwera tsiku ndi tsiku."

"Ndisoke bwino, siituluka. Ndisoke moipa, siichoka pachilumba. Inu mukuti ndisoke bwanji?"

Bwana Mchenga anaweramira m'wilibala. Anatsitsa chikwama, kuchikung'untha mchenga, nkuchikoloweka pamsomali wa kunsi kwa masitepe. Kenako anakankha wilibala yake kubwerera kugombe, chifukwa kunali phwando linanso, ndipo mchenga unafunika kukhala woyera kuti anthu audetse.

Tsiku limenelo kunabwera ntchito imodzi yokha, mtsikana wa tsitsi lolukidwa amene lamba wa nsapato yake anaduka. Mwina mbiri ya kudoko inali isanamufike. Nasingano anapaka ulusi kandulo, nkusoka kupita ndi kubwerera. Atamaliza anakoka ndi mphamvu zawo zonse. Sunasunthe.

Anaweruka dzuwa lisanalowe, masipika atayamba kale kugunda. Anadutsa pakati pa afulu amene anali pamzere kudikira kupakidwa utoto. Wopakayo anali mtsikana wina watsopano, mwana wa mayi wochapa, ndipo ankafunsa mlendo aliyense kuti kwanu nkuti, kumazizira?

Pakhomo pa chipinda chawo anagwada nkutukula chigoba. Kiyi anali pomwepo, atachita dzimbiri mpaka kusiya chithunzi chake pasimenti. Tinyerere tinabalalika. Nasingano anatulutsa kalata m'thumba la epuloni, anaiwongola pabondo, nkuiika pansi pa kiyi. Amene angaipeze pamenepo ndi munthu amene wabwera kale, amene sakufunikanso kuuzidwa kuti abwere. Ankadziwa zimenezo. Anabwezera chigoba pamalo pake, nkuchikankha pang'ono ndi phazi kuti madzi a mvula asalowe.

Mawa lake boti la m'mawa linatsitsa afulu makumi atatu ndi mphambu. Anadutsa patsogolo pa masitepe mmodzimmodzi, atawerama ndi katundu. Nasingano sanayang'ane nkhope zawo, kapena zikwama. Ankayang'ana mmene mitu ikuyendera.